Amalume ndi Munthu Amene Anamulemba Malemu

Sabata yatha m'misiri wogoba ziliza anandiimbira foni kuti ndikaone zilembo asanazigobe pa mwala wa amalume. Chaka chakwana chiwaikireni m'manda. Nditafika ndinapeza walemba kale ndi choko pa mwala wakudawo: MALEMU ELIFALA MWALE, MPHUNZITSI, WOLEMBA MBIRI. Ndinangoti chilili.

"Pali vuto, mami?" anandifunsa m'misiriyo. "Ni sipelingi?"

"Ayi. Mawu oyambawo."

"Malemu? Nanga si banafa?"

Anamwaliradi, ndipo amene anawatseka maso ndine. Komabe ndinamupempha kuti ayambe wadikira. Kunyumba kwathu ku Dambwa North mawu amenewo sitinkawatchula mwachisawawa, chifukwa amalume anaphapo nawo munthu, munthuyo ali moyo, akudya ndi kutsokomola ngati ife tonse. Zaka zawo zomaliza anazithera poyesayesa kumudzutsa pamaso pa mwana wake, ndipo tonse m'nyumbamo tinkakhala mtima uli m'mwamba, kuopa kuti mmodzi mwa nkhalamba ziwirizo atsogola zinthu zisanakonzeke.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi anga. Anachokera cha ku Katete ali mnyamata, atangomaliza maphunziro a uphunzitsi, ndipo anakalambira mu Livingstone muno. Ine ndinabwera kudzakhala nawo nditamaliza sukulu. Maso awo atayamba kuchita nkhungu ndinasanduka maso ndi zala zawo, iwo akunena, ine ndikutayipa. Za ine zathera pomwepa.

Aliyense m'tauni ankawadziwa kuti ba Ticha. Ankavala tayi ngakhale mu Okutobala, dzuwa likusungunula phula pamsewu, ndipo ankayenda ndi ambulera yakuda imene inkagwira ntchito ya ndodo, ya mthunzi, ndi yolozera anthu akamakangana nawo. Anakhala m'tauni muno pafupifupi moyo wawo wonse koma lilime lawo silinasamuke ku Katete. Mdzukulu akanena kuti "nifuna manzi," iwo ankayang'ana uku ndi uku ngati asowa amene walankhula, mpaka mwanayo atanena kuti "ndikufuna madzi." Azakhali, akazi awo, ankati bambowa adzafera pa chilembo chimodzi. Sankadziwa kuti akulosera.

Mabuku awo anali a anthu amene sajambulidwa pa ndalama kapena pa makalendala. Analemba mbiri ya mzamba wa ku Libuyu amene anabadwitsa pafupifupi komboni yonse. Analemba ya woyendetsa sitima wina amene anagontha ndi phokoso la injini, ya telala wa pakhonde la sitolo, ndiponso buku lalikulu la mmene makomboni a tauni ino anayambira. Koma limene linawatchukitsa ndi loyambalo, la anthu ogwira ntchito kumacheka a matabwa, limene analitcha *Ana a Utuchi*. Linkawerengedwa pa wailesi ndi m'masukulu. Ku Lusaka anawaveka mkanjo ndi chipewa chaulemu, ndipo atabwerako anaupachika mkanjowo kuseri kwa chitseko, pamene unakhala mpaka njenjete zinaudya. Ophunzira ochokera kutali ankabwera kudzakhala pakhonde pathu, azakhali n'kumawaphikira tiyi akung'ung'udza.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kankatopetsa munthu wopupuluma. Ulendo woyamba kwa munthu sankatenga cholembera. Ankangopita kukamwa madzi a m'nyumbamo ndi kufunsa za ana ndi za matenda. Ankakana mpando wa mlendo, n'kusankha wotsika kuposa wa mwini nkhani, chifukwa ankati munthu amene akukuyang'ana chokweza maso amakuuza zokukondweretsa basi. Nkhani ikafika pokoma ankaidula ndi funso limodzi lomwelomwelo, lakuti kodi munaona kapena munamva. Ndipo buku likatha kulembedwa sankalipereka kosindikiza asanabwerere kwa eni ake kukawawerengera mokweza kuyambira koyamba mpaka kumapeto. Zimenezi ankazitcha kubweza mawu. Ankati mawu a munthu ndi obwereka, ndiye uyenera kukamuonetsa mmene wawasamalira.

Mikangano inali ndiwo zawo. Anakangana ndi anyamata operekeza alendo ku mathithi, amene amayamba mbiri ya malo ano pa tsiku limene mzungu anafika, ngati madziwo ankadikira iyeyo kuti ayambe kugwa. Anakangana ndi azakhali chifukwa cha makaseti ojambulidwa mawu amene anadzaza kabati ya mbale. Koma mkangano wosatha unali wa iwo ndi abusa athu, pa nkhani ya mbiri imene timawerenga pamaliro. Amalume ankati mbiri zapamaliro zimasandutsa aliyense mngelo, mwakuti amasiye amakhala pansi n'kumadabwa kuti kodi akunena za yani. Abusa ankati pamaliro si pabwalo la milandu. Ankasiyana atakwiyitsana, Lamulungu n'kukhalanso limodzi kutsogolo.

Tsiku limene zinthu zinatembenuka ndinalipo, nditawagwira mkono. Kunabwera ophunzira ochokera ku Lusaka, ndipo amalume anawatengera ku Mukuni Park, pamsika wa ziboliboli, kuti akaone mitengo ya mukusi ndi mukwa imene inkachekedwa kale kumacheka kuja. Ataima pakati pa timatebulo ta mvuu ndi njovu zosema, anayamba kufotokoza mutu wotchuka kwambiri wa m'buku lawo loyamba, wonena za Mubita. Mubita anali mnyamata wa Chilozi amene ankatsogolera nyimbo anthu akamakoka zipika, ndipo tsiku lina mnzake atadulidwa dzanja ndi macheka, ndi iye amene anaimitsa nyimbo, n'kuima pamaso pa akapitawo kuwayankhulira anzake. Ana a sukulu ambiri anauloweza mathero a mutuwo, pamene pamati Mubita anamwalira mwana wake wamkazi akadali kumsana.

Amalume akunena mawu amenewo, mdala wina amene ankapala kamvuu ndi sandipepa pambali pathu anasiya kupala.

"Ba Ticha," anatero, "uyo Mubita mukamba, anafa na chani?"

Amalume anatembenukira kumene kunachokera mawuwo. Anayankha mwaulemu kuti chimene chinamupha sanachipeze, koma za imfayo anamva kwa mkazi wake weniweni, ku Libuyu.

"Munaona manda?"

"Manda sindinawaone, bambo."

Mdalayo anapukuta utuchi pa maondo ake. Sanakweze mawu, ndipo nkhope yake inali ya munthu wopepesa.

"Ni ine Mubita," anatero. "Sininafe. Ninaoloka chabe."

Ndinamva mkono wa amalume ukulemera pa wanga. Ophunzira aja ena anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za pamsika. Amalume sanaseke. Anafunsa dzina la mnzake wodulidwa dzanja uja, mdalayo analitchula. Anafunsa nyimbo, mdalayo anaiyamba chapansipansi ndi mawu osasa, ndipo amalume anaidziwa chifukwa anali nayo pa kaseti, yoimbidwa ndi anthu ena. Ambulera inagwa pansi, ndipo amene anaitola ndi Mubita yemweyo.

Madzulo a tsikulo anandifotokozera mmene zinakhalira, akulankhula ngati akupereka umboni. Pamene ankafufuza za bukulo anali asanakhalitse m'tauni muno. Anapita ku Libuyu kukafuna Mubita, n'kupeza mkazi wake atakhala pakhomo, mwana kumsana, duku lakuda kumutu. Atafunsa za mwamunayo, mayiyo anayang'ana pansi n'kunena kuti, "Anaoloka. Anatisiya." Kwathu ku Katete, ndiponso m'nyimbo za kutchalitchi zimene amalume anakulira, munthu amene wawoloka ndiye kuti wapita kutsidya kosabwerako, ndipo amene watisiya ndiye kuti tamuika. Koma ku Livingstone kuwoloka ndi kudutsa pa buliji kupita ku Zimbabwe, chinthu chimene anthu amachita m'mawa n'kubwerako ndi sopo madzulo. Mubita anali atathawa pa ntchito ndi pabanja pomwe, n'kuwoloka buliji. Duku lakudalo linali la maliro a mayi ake a mkaziyo.

"Ndinapepesa, Esinati," anandiuza. "Ndinagwada n'kupemphera naye. Iye sanandiletse. Ndipo funso langa lija sindinamufunse, chifukwa ndinkaona kuti ndi nkhanza kufunsa wamasiye ngati anaona kapena anamva."

Sanamuimbe mlandu mayiyo ngakhale kamodzi. Ankati mkazi wothawidwa amasekedwa pachitsime, pamene wamasiye amathandizidwa kusenza mtsuko, ndiye mphunzitsi wa tayi atabwera n'kumupatsa umasiye waulere, akanaukana bwanji? Pamene anabwerera kukabweza mawu, mayiyo anamvetsera mutu wonse, n'kulira, n'kunena kuti zili bwino.

Vuto linali mwana wa kumsana uja. Dzina lake ndi Namakau, ndipo tonse tinkamudziwa. Anali atakula, ali mphunzitsi wa pulayimale ku Libuyu komweko, mayi wa ana ake. Mayi ake anamwalira osamuuza zoona zake. Chaka ndi chaka ankawerengera ana a m'kalasi mwake mutu wa Mubita, ndipo pomaliza ankawauza kuti amenewo anali bambo ake. Anabwerapo kwathu kale, atanyamula nkhuku, kudzathokoza amalume. Ndimakumbukira mawu ake chifukwa azakhali anagwetsa misozi. Anati iye sanawaonepo bambo ake, koma ba Ticha anamupatsa bambo woti azinyadira.

Mubita naye ankamudziwa mwana wakeyo. Anali atabwerera m'tauni mwakachetechete, atakalamba, mkazi wake wa kutsidya atamwalira. Ankamuona Namakau patali akudutsa ndi ana a sukulu, koma sanayandikirepo.

"Ningayende bwanji?" anawauza amalume titapitanso. "Buku inakamba ati ninafa. Mu buku ndine muntu wabwino. Nikaonekela, azaona chabe mudala wamene anataba."

Kuyambira pamenepo m'nyumba mwathu munalowa nkhawa imene sinatulukemonso. Amalume anayamba kusiya chakudya m'mbale. Kuthamanga kwa magazi kunakwera, ndipo kuchipatala anawawonjezera mapiritsi. Azakhali ankawachonderera kuti azisiye, poti mayi uja anapita, mwanayo ali pa mtendere, mdalayo sakudandaula, nanga kufukula zimenezi n'kufuna chiyani? Anzawo a ku Lusaka anawalangiza kuti bukulo likamadzasindikizidwanso adzangoika timawu tochepa m'munsi mwa tsamba. Amalume anakalipa pa foni mpaka kutsokomola. Anati munthu anamupha pakati pa tsamba, ana a sukulu akuloweza, ndiye sangakamudzutsire m'munsi mwa tsamba mmene simufika maso a munthu.

Chimene chinkawaopsa kwenikweni anandiuza kamodzi kokha, tikuchokera kuchipatala. Anati Mubita akadzafa iwo asanakonze, bodza lawo lidzasanduka choona, ndipo Namakau adzakhala wamasiye kawiri popanda kudziwa. Kuchokera tsiku limenelo foni ikalira ndi nambala yachilendo, ine mtima unkangoti phwii. Mubita anali ndi chifuwa cha utuchi chimene chinkamugwetsa nyengo yozizira iliyonse. Amalume anali ndi mtima wofooka. Ndinkawayang'ana awiriwo atakhala limodzi n'kumadzifunsa kuti ayambe ndani.

Anayambanso chizolowezi chatsopano chimene chinkachititsa anthu manyazi. Wina akangonena kuti uje anamwalira, amalume ankafunsa kuti manda ake ali kuti. Ankafunsa kutchalitchi, ankafunsa m'basi, anafunsapo ngakhale mayi wina amene ankangodandaula za mlamu wake. Anthu anayamba kunong'onezana kuti ba Ticha mutu wayamba kusokonekera. Mutu unali bwinobwino, anali mantha chabe.

Kwa Namakau tinapita Loweruka lina masana. Anatilandira ndi chimwemwe, n'kutulutsa mpando wabwino, koma amalume anapempha kampando ka kukhitchini. Anamwa madzi. Kenako anafotokoza zonse mwadongosolo, osadzichepetsera mlandu. Namakau anamvetsera osaphethira.

"Batate banga banafa," anatero pomaliza. "Ni imwe munalemba."

"Ndinalemba molakwa, mayi."

"Manje mufuna kunipasa chani? Mudala wamene anasiya bamai na mwana kumusana? Uja wa mu buku anaimilila bantu. Uyu anataba. Munanipasa tate, ba Ticha, ninakuyamikani na nkuku. Lelo mwabwela kumutenga."

"Ndi munthu mmodzi yemweyo. Anaimirira anzake, ndipo anathawanso."

"Awe. Kuli ine ni babili. Nasankha wakufa."

Anatiperekeza mpaka pamsewu, chifukwa ndi mayi waulemu, koma sanatigwire chanza. Titatsika basi, amalume anandifunsa ngati nkhope yake inali yokwiya kapena yolira, poti iwo sankatha kuona bwino. Ndinawauza kuti inali youma.

Munthu wina akanalekera pomwepo. Iwo anaganiza zolemba buku lomaliza, mbiri yonse ya Mubita, ya kumacheka ndi ya kutsidya komwe, kuthawa kwake osakubisa. Loweruka lililonse ndinkawaperekeza ku Mukuni Park. Mubita anawasemera kampando ka mukwa ka miyendo itatu, kotsika kuposa chipika chimene iye ankakhalira, chifukwa amalume anaumirira kuti kakhale kotero. Ankakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, wina akupala mvuu, wina akufunsa ngati anaona kapena anamva. Nthawi zina ankakangana ngati ana. Mubita ankafuna kudumpha nkhani ya tsiku limene anachoka pakhomo, amalume ankamubwezera pomwepo. Anyamata ogulitsa ziboliboli anamva nkhaniyo, ndipo posakhalitsa msika wonse unkamutcha mdalayo kuti ba Malemu.

"Ba Malemu, kasitoma afuna njovu!" ankakuwa.

Mubita ankaseka nawo. Amalume sankaseka, dzinalo linkawalasa nthawi iliyonse. Ndipo monga zimakhalira m'tauni yaing'ono, dzinalo linayenda mpaka linafika ku Libuyu. Ana a m'kalasi mwa Namakau anayamba kufunsana mokweza ngati mizukwa imasema mvuu. Iye anasiya kuphunzitsa mutu uja. Nditamva zimenezo ndinadziwa kuti chitseko chimene tinkagogoda chakhomedwanso msomali wina.

Bukulo linatha, ndinalitayipa lonse. Koma silikanapita kosindikiza, chifukwa lamulo la amalume linali lomwe lija, lakuti mawu ayambe abwezedwa kwa eni ake. Mubita anamvetsera lonse n'kuvomera. Anatsala Namakau, poti nayenso anali m'bukumo, kumsana kwa mayi ake. Tinapitako kangapo ndi mapepalawo mu chikwama. Ulendo uliwonse ankatipatsa madzi, n'kufunsa za maso a amalume ndi za miyendo ya azakhali. Amalume akangogwira zipi ya chikwama, iye ankaimirira.

"Osati lelo, ba Ticha."

Osindikiza ankaimba foni kufunsa bukulo. Ine ndemwe ndinawauzapo amalume kuti angolipereka, poti choona ndi choona ngakhale mwini atakana kumva. Anandiyang'ana ndi maso awo oyerawo n'kunena kuti anamulemberapo kale mwanayo moyo wake popanda kumufunsa, ndipo sadzachitanso kachiwiri.

Anagwa nyengo yozizira, akumanga tayi kuti tipite ku Mukuni Park. Kuchipatala anakhala masiku ochepa. Mubita anabwera kudzawaona atavala jekete lobwereka, n'kukhala m'mphepete mwa bedi akutsokomola, mwakuti anamwino anafunsa kuti wodwala ndi uti. Ndinatumiza uthenga kwa Namakau. Ndinkangoyang'ana kukhomo la wodi, mayi aliyense wolowa ndi chitenje ndinkayesa ndi iyeyo. M'mawa wa tsiku lomaliza amalume anandigwira dzanja.

"Namakau wabwera?"

Ndinafuna kunama, Mulungu akudziwa. Koma munthu amene moyo wake wonse ankafunsa ngati unaona kapena unamva, ungamunamize bwanji?

"Sanabwere, amalume."

"Chikwama usachitaye," anatero. Sanalankhulenso.

Pamaliro anabwera onse awiri. Mubita anakhala panja ndi azibambo, Namakau analowa m'nyumba ndi azimayi, ndipo sanayang'anane. Mbiri ya malemu ndinawerenga ndine, ndipo amalume anali atandilamula kalekale kuti ndisadzawasandutse mngelo. Abusa ataona pepalalo anapukusa mutu, koma anati mkangano uwu awusiya, apambana ndi a Mwale. Ndinaima kutsogolo. Ndinatchula mabuku, ndinatchula mkanjo wa ku Lusaka. Kenako ndinawerenga kuti munthu ameneyu analembapo munthu wamoyo kuti ndi malemu chifukwa chosamva bwino mawu amodzi, ndipo kuyambira pamene anazindikira, sanavomerenso imfa ya munthu aliyense asanafunse kuti manda ake ali kuti. Sindinatchule dzina, koma tchalitchi chonse chinadziwa. Nditakweza maso ndinaona Namakau akutuluka, nkhata za maluwa zisanaikidwe. Ndinati basi, ndamaliza kuwononga ndine.

Chaka chonsechi chikwamacho chakhala pamwamba pa kabati ya makaseti. Nyengo yozizira itabweranso Mubita anagonekedwa m'chipatala, ndipo ine ndinkadzuka m'mawa uliwonse ndi mantha a amalume aja, ngati anandisiyira pamodzi ndi chikwamacho. Anachira, koma anatuluka ataonda ngati ndodo.

Ndiye sabata yathayi, nditachoka kwa wogoba ziliza uja, ndinayamba kuitanira anthu ku mwambo wovundukula chiliza. Namakau ndinamutumiziranso uthenga, mongokwaniritsa mwambo. Lachisanu foni inalira, ndipo anali iyeyo.

"Ba Esinati, funso ija ya bamalume banu yanivuta chaka chonse," anatero. "Manda yake yali kuti. Ine ninakula bamai banikambila ati manda ya batate yali kutali. Sininafunsepo kuti kutali kuti. Mailo munipelekeze."

Sanatchule kumene tikupita, ndipo ine sindinafunse.

Tinafika ku Mukuni Park Loweruka dzuwa lili pamutu. Njira yonse ndinkaopa kuti atembenuka, kapena kuti tikapeza mdalayo sanabwere, kapena kuti mnyamata wina akuwa dzina lija. Mmodzi anayambadi, "Ba Male...," koma mnzake anamugunda ndi chigongono. Mubita anali pa chipika chake, kamvuu m'manja. Pambali pake panali kampando ka mukwa kaja. Anyamata anandiuza kuti mdalayo amakatulutsa Loweruka lililonse, n'kukapukuta, n'kukabwezanso madzulo.

Namakau anaima patsogolo pake nthawi yaitali, akumuyang'ana kumaso, m'manja, ndi kumapazi. Kenako analoza kampandoko, ngakhale ankadziwa bwino lomwe.

"Mupando uyu ni wa bandani?"

"Ni wa ba Ticha."

"Bali kuti?"

Mubita anayang'ana kampandoko. "Banaoloka."

"Kuoloka kuti?" anafunsa Namakau. "Lelo mukambe bwino. Mau aya yanatidya kudala."

"Kwamene sibabwelako, mwana wanga."

Mawu awiri omalizawo anatuluka mopunthwa, ndipo ndinadikira kuti awakane. Sanawakane, sanawavomerenso. Anatembenukira kwa ine.

"Mapepala yaja mukali nayo?"

"Ndili nawo."

"Muyabwelese pa Chibelu," anatero, kutanthauza Loweruka lotsatira. "Nizamvela. Sininakambe ati navomela, nakamba chabe ati nizamvela."

Mubita anakankhira kampando kaja kwa iye. Namakau anapukusa mutu. Anamasula chitenje cha pamwamba, n'kuchiyala pa simenti, n'kukhala pansi pafupi ndi mapazi a mdalayo, chammbali pang'ono, osamuyang'ana. Ine ndinapatuka n'kuimbira wogoba ziliza kuti agobe mawu aja mmene alili, chifukwa imfa ya amalume ndinaiona ndi maso, ndipo manda awo ndikuwadziwa.

Nditabwerera ndinapeza awiriwo sanayambe kulankhulana. Kampando kanali pakati pawo. Ndi kakang'ono, kotsika, mwendo umodzi ndi waufupi pang'ono moti Mubita anauikira kachidutswa ka tayala. Pamwamba pake m'posalala ndi powala pamene thalauza la amalume linkakhuza, ndipo pa simenti, kutsogolo kwake, pali kadzenje kamene nsonga ya ambulera inakumba pofunsa mafunso. Utuchi wa kamvuu unkagwera pamenepo, Namakau n'kuupukuta ndi chikhatho osaganizira. Mlendo wina anaima, n'kukaloza kampandoko, n'kufunsa ngati kakugulitsidwa. Palibe anamuyankha, ndipo palibe anakhalapo.